Timanyumba tamiyala tili mbwee m'minda ya ku Yorkshire Dales, anatimangiranji chonchi?

Tsiku loyamba kukwera basi yochoka ku Richmond kulowera chigwa cha Swaledale, kumpoto kwa England kuno, ine ndimangoti mwina ndi mabwinja a anthu omwe anasamuka. Ukasuzumira pawindo kanyumba kamiyala kali pakati pa munda, kopanda chumuni, kopanda mawindo enieni, ngakhale kanjira kopitako kosaoneka bwinobwino, ukadutsa mpanda umodzi kena ako, ukadutsa wina kenanso, mpaka kukwera phiri timanyumba tokhatokha. Ndinafunsa amayi ena achikulire omwe tinakhala mpando umodzi kuti kodi eni ake anapita kuti, anaseka mpaka kutsokomola. Akuti mwanawe, m'menemo simunagonepo munthu, ndi nyumba za ng'ombe izo.

Nyumba za ng'ombe, zamiyala yosema, denga lamiyala, zolimba kuposa nyumba zambiri za anthu zomwe ndikuzidziwa. Kuchokera tsiku limenelo zinandilowa m'mutu ndipo ndikakhala pa off ndimapitako kukangoyenda nkumazisuzumira.

M'dera lonse la Yorkshire Dales National Park, lomwe linakhazikitsidwa mu 1954, makola oterewa alipo masauzande angapo ndipo ambiri anamangidwa pakati pa 1750 ndi 1850. Eni dera amawatchula kuti laithe, mawu omwe anasiya ma Viking, anthu ochokera ku Scandinavia omwe anadzakhazikika kuno zaka zoposa 1,000 zapitazo, koma ku Swaledale amangoti cow'us, kufupikitsa cow house. Ngakhale mayina a midzi yake, Muker, Keld, Thwaite, Gunnerside, onsewa ndi ochokera ku chilankhulo chomwecho. Ndiye funso lomwe linandivuta ine monga munthu wokulira pakhomo pomwe khola limakhala kuseri kwa nyumba kuti ukamva phokoso usiku utuluke ndi chibonga ndi ili, bwanji osamanga khola limodzi lalikulu pafupi ndi nyumba basi? Kumwaza makola teni m'minda teni nchiyani?

Yankho likuyambira pa nyengo. Kumapiri kuno chisanu chake sichocheza, kuyambira Novembala mpaka cha mu Meyi msipu sumera, mvula imangoti waa masiku ambiri, nthawi zina sinoo kukwirira chilichonse, mu Disembala dzuwa limalowa 4 koloko isanakwane. Ng'ombe ukazisiya panja miyezi imeneyo zimaonda komanso zimaponda munda wonyowawo nkuusandutsa chithaphwi. Ndiye zimayenera kukhala m'nyumba pafupifupi theka la chaka zikudya udzu wouma womwe unamwetedwa mu Julaye. Chuma chonse cha mlimi wa kuno chinali pa udzu umenewo, monga momwe ife timawerengera matumba a chimanga kuti tifika nawo Febuluwale kapena ayi, iwo amawerengera udzu kuti ng'ombe zingati zidutsa chisanu.

Tsopano ganizani za katundu. Udzu wodyetsa ng'ombe miyezi sikisi ndi mulu waukulu zedi, ndowe zomwe ng'ombezo zitulutse miyezi sikisi ndi mulu winanso wolemera kuposa pamenepo, ndipo ndowezo ziyenera kubwerera kumunda komwe kunachokera udzu chifukwa feteleza wa m'sitolo kunalibe. Thirakitala kulibe, misewu ndi yamatope, malo ndi otsetsereka moti ngolo imavuta, ambiri amagwiritsa ntchito chileyi chokokedwa ndi hatchi. Mukamanga khola limodzi pakhomo ndiye kuti udzu wonse mukokere kunyumba, kenako manyowa onse mukokerenso kumunda, mtunda wokwera. Anthu aja anaona kuti chopepuka kunyamula pa zonsezi ndi munthu mwini wakeyo. Ndiye anamanga khola pakati pa munda uliwonse, udzu ukamwetedwa ungolowa pompo, ng'ombe zidyere pompo, ndowe ziponyedwe panja pa khoma pompo, chisanu chikatha azimwaze m'munda womwewo kuti udzu wa chaka chamawa umere bwino. Woyenda ndi mlimi, kawiri patsiku, m'mawa kusanache ndi madzulo, kuchoka khola ili kupita lina ndi nyali m'manja, kudyetsa, kutulutsa ng'ombe zikamwe madzi, kupala ndowe, kukama, mkaka nkuubereka kumsana m'chigubu chachitsulo chomwe anachipanga mokhota kuti chizigona bwino pamsana.

Chinanso chomwe chinachulukitsa makolawa makamaka ku Swaledale nkagawidwe ka malo. Kumeneko kale bambo akamwalira malo amagawira ana aamuna onse osati woyamba yekha, ndiye minda inkangochepa mbadwo uliwonse, munthu kukhala ndi kachigawo apa kena kutsidya kwa mtsinje. Izi sizachilendo kwa ife eti. Komanso amuna ambiri kumeneko anali a m'migodi ya mtovu, ulimi unali wongothandizira, ng'ombe ziwiri zitatu basi, ndiye aliyense amafuna kakhola kake. Migodi ija itagwa cha m'ma 1880 anthu ambiri anasamuka, ena kupita ku mafakitale a nsalu ku Lancashire ena mpaka ku America, makola nkutsala.

Ndinakhala ndi mwayi wolowa m'khola limodzi pafupi ndi Muker, abambo ena omwe amakonza mpanda chapafupi atandiona ndikuzungulirazungulira ngati wakuba anangoti bwerani mudzaone mkati. Chitseko nchachifupi, ndinawerama. M'katimo mdima, fungo la udzu wakale ndi nkhosa, kozizira koma mphepo yonse ya panja ija inangoti zii. Nyumbayo ndi yogawidwa pawiri. Mbali yaikulu ndi yopanda kanthu kuchokera pansi mpaka kudenga, mmenemo ndi mosungira udzu, amati mew. Mbali yaing'ono ndi mogona ng'ombe, amati shippon, ndipo inali ndi malo a ng'ombe zinayi zokha, ziwiri uku ziwiri uku, pakati pake atayimika chimwala chafulati chopyapyala ngati chitseko kuti zisamagundane. Pakona pa malo aliwonse pali mtengo woimirira wokhala ndi ling'i yachitsulo yomwe imatsetsereka kukwera ndi kutsika, unyolo wa pakhosi pa ng'ombe umamangidwa pamenepo kuti ikafuna kugona igone, ikafuna kuima iime, koma isatembenuke. Mtengowo unali wosalala ngati wopaka polishi, makosi a ng'ombe zaka kaya zingati akuukhula.

Kumbuyo kwa pomwe ng'ombe zimaima pansi pamatsika pang'ono, pali ngalande yoyala miyala yolandira ndowe ndi mikodzo, ndipo pakhoma moyang'anizana ndi ngalandeyo pali kabowo ngati kawindo kotayirapo ndowe ndi fosholo kuti ziunjikane panja. Pamwamba pa ng'ombe anayala mitengo nkupanga kasanja, amati baulks, pomwe amaikaponso udzu wina, ndiye udzuwo umagwira ntchito ngati bulangete, kutentha kwa matupi a ng'ombe sikuthawira kudenga. Kunja, m'mwamba mwa khoma, pali kachitseko kena komwe ukakaona koyamba umadabwa kuti amakwera bwanji popanda masitepe. Sikolowera munthu, nkoponyerapo udzu ndi chifoloko, ndipo kawirikawiri amakaika mbali yakumtunda kwa malo otsetsereka kuti woponyayo asavutike kukweza kwambiri. Wina amakhala mkati kumaponda udzuwo kuti ukhazikike, nthawi zambiri ana, abambo aja anati ntchito imeneyo anaidana nayo moyo wawo wonse chifukwa cha fumbi ndi kutentha.

Timipata titalititali topyapyala tomwe mumationa m'makoma, ngati ta pa linga la nkhondo, ndi tolowetsa mpweya. Udzu ukalowa usanaumitsitse umayamba kutentha wokha mkati mwa mulu, ungathe kuchita nkhungu nkuwonongeka kapena kuyaka moto weniweni popanda woyatsa, ndiye mpweya uyenera kumadutsa koma mvula isalowe. Ndipo pamwamba penipeni pa khoma la m'mbali makola ena ali ndi kabowo kozungulira kapena ka makona atatu komwe anasiyira dala kadzidzi. Ee, kadzidzi. Ife akalira padenga usiku anthu sagona, mawa lake nkhani ili pa mudzi wonse, koma kuno amamumangira khomo lake kuti azilowa kudzagwira makoswe ndi mbewa. Pano kadzidzi wa m'makolayu ngotetezedwa ndi lamulo la 1981, pamodzi ndi mileme, moti ukafuna kukonza khola lakale amayamba abwera akatswiri kudzaona ngati muli chisa.

Tibwere pa kamangidwe ka khoma, pomwe ine monga mwana wa bilidala pamandisangalatsa kwambiri. Khoma la nyumba izi si mzere umodzi wa miyala ngati momwe timayalira njerwa. Ndi makoma awiri, lakunja ndi lamkati, pakati pake amathiramo timiyala ting'onoting'ono ndi zidutswa, zonse pamodzi kunenepa kwake kumafika masentimita 60 kapena kuposa. Vuto la khoma lotere ndi lakuti mbali ziwirizo zimafuna kulekana, lakunja kumapita kwake lamkati kwake, ndiye pakapita mizere ingapo amagoneka miyala italiitali yodutsa khoma lonse kuchokera kunja mpaka mkati kuti imange mbali ziwirizo. Ku Swaledale miyala imeneyi sanaidule, imatulukira kunja m'mizere ngati mashelefu, ukaiona patali umati ndi zokongoletsa koma ndiyo ikugwira nyumba. Pamakona amaika miyala ikuluikulu yosemedwa bwino, wina kutalika kwake kuloza uku wotsatira kuloza uko, mofanana ndi momwe timalumikizira njerwa pakona.

Koma nzeru yomwe inandigometsa ndi iyi. Mukayandikira khoma nkuliyang'ana cham'mbali muona kuti miyala sinagone mowongoka, uliwonse unapendekeka pang'ono, kumbuyo kwake kokwera kutsogolo kotsika, ndiye khoma limaoneka ngati mano a sowo. Amati watershot. Cholinga nchakuti mvula yowombedwa ndi mphepo ikalowa pampata wa miyala isayenderere mkati, itsetsereke kubwerera panja. Anthuwa sanalimbane ndi kutseka madzi kuti asalowe olo dontho, anadziwa kuti pamvula ya kuno zimenezo nzosatheka, anangowakonzera njira yotulukira.

Nkhani yomweyi ndi ya laimu. Simenti yomwe timaidziwa ife inabwera mochedwa, Joseph Aspdin wa ku Leeds anailembetsa mu 1824 ndipo inatenga zaka zambiri kuti ifike kumidzi. Omanga makolawa amagwiritsa ntchito laimu, ndipo mwala wake uli paliponse m'Dales, mpaka pano mukamayenda mumaona mauvuni akale m'mbali mwa mapiri, ngati kaphanga kamiyala kokhala ndi khomo lokhota. Amaotcha miyala ya laimu ndi malasha mpaka kutentha kufika cha m'ma 900 digiri, akaitulutsa nkuithira madzi imawira nkusungunuka, kenako kusakaniza ndi mchenga. Amene anaonako kootcha laimu ku Balaka akudziwa zomwe ndikunena. Laimu wambiri amamwaza m'minda kuti nthaka isawawe, wina nkumangira. Matope a laimu amauma pang'onopang'ono pokoka mpweya, sauma gwa ngati simenti, ndiye nyumba ikasuntha pang'ono chifukwa cha nthaka khoma limatsatira osang'ambika, komanso chinyezi chikalowa chimatulukira m'mizere ya laimuyo nkuuma.

Ndiye m'zaka za m'ma 1900 anthu ambiri pofuna kukonza nyumba zakalezi anamata simenti m'mizere yonse poganiza kuti akulimbitsa. Zotsatira zake madzi amalowabe pa timing'alu koma potulukira palibe, amakhala m'khoma, chisanu chikabwera amaundana nkufufuma, nkhope ya mwala nkumasweka pang'onopang'ono simenti ili chilili. M'nyumba zogona anthu chinyezi chimayamba kuonekera mkati, penti kumatuka. Pano okonza nyumba zakale amalipidwa ndalama zambiri kugomola simenti ija nkubwezeretsa laimu. Ndikaganiza momwe kwathu timapakira pulasitala wa simenti pa khoma la zidina kenako nkumadabwa kuti wafufuma nkugwa chigamba chonse, ndimaona kuti ndi matenda amodzimodzi.

Denga nalo lili ndi nkhani yake. Makola oyambirira amafolera ndi tchire lina lomera kumapiri lotchedwa heather, ndipo denga laudzu aliyense akudziwa kuti liyenera kukhala lotsetsereka kwambiri kuti madzi asakhazikike. Kenako anayamba kufolera ndi miyala yafulati yoswedwa mopyapyala kuchokera ku miyala ya mchenga. Miyala imeneyi ndi yolemera koopsa, ukaiika pa denga lotsetsereka kwambiri imakoka zikhomo nkutsika, ndiye anakweza makoma a kutsogolo ndi kumbuyo kuti denga ligone pang'ono. Pa makola ena mukayang'ana khoma la m'mbali mumaona mzere wa denga lakale lija ngati chilembo cha V chozondoka, miyala ya pamwamba pake yosiyana mtundu ndi ya pansi. Poyala amayamba ndi miyala ikuluikulu m'munsi, nkumachepetsa mzere ndi mzere mpaka ting'onoting'ono pamsonga, izi zimathandiza kuti kulemera kwambiri kukhale pamwamba pa khoma osati pakati pa mitanda, komanso mwala uliwonse wochokera kumgodi umapeza malo, palibe wotayidwa. Uliwonse amaubowola kamodzi kumtunda nkuukoleka pa phaso ndi chikhomo chamtengo, ndipo malo ena amagwiritsa ntchito mafupa a miyendo ya nkhosa chifukwa sawola msanga.

Mipanda ya minda ija ndiye ilibe olo laimu, miyala yokhayokha kusanjikiza. M'Dales muli mipanda yotere yotalika pafupifupi mamailosi 5,000 mukaiphatikiza. Kamangidwe ndi komweko, mbali ziwiri, timiyala pakati, miyala yodutsa, koma pansi pamakhala potakata nkumachepa pokwera, pamwamba nkuimika miyala chammbali ngati mabuku pa shelefu. Lamulo lake mwala umodzi ukhale pa iwiri, mpata usagwere pa mpata unzake. Pansi amasiya kabowo koti nkhosa zidutse koma ng'ombe ikanike. Yowongoka ngati yojambula ndi rula yomwe imakwera mapiri ija ndi ya nthawi yomwe Nyumba ya Malamulo inkagawa malo odyetsera ziweto a mudzi wonse kukhala a anthu paokhapaokha, cha m'ma 1700 kumapeto ndi m'ma 1800, yokhotakhota ya pafupi ndi midzi ndi yakale kuposa apo. Azungu ena amayankhula ngati luso limeneli ndi lawo okha, ine ndimangowaonetsa chithunzi cha Great Zimbabwe pafoni, khoma lofika mamita 11 kutalika popanda matope alionse, lomangidwa zaka mazana angapo makola awowa asanayambe.

Nanga nyumba za anthu? Kalekale munthu ndi ng'ombe amalowera khomo limodzi. Nyumba zotere amati longhouse ndipo zomwe zatsala bwino zili kumwera chakumadzulo kwa England, ku Dartmoor, zomangidwa ndi mwala wa granite. Ina yotchuka ndi Higher Uppacott, ya m'zaka za m'ma 1300. Nyumba yaitali imodzi yomangidwa motsata kutsetsereka kwa phiri, pakati pali kanjira kodutsa kuchokera khomo la kutsogolo mpaka la kumbuyo, ukalowa kukhotera kumtunda ndi kwa anthu, kumunsi ndi kwa ng'ombe. Chifukwa choika ng'ombe kumunsi nchodziwikiratu, zonyansa zitsike kuthawa anthu, zimayenda m'ngalande ya pakati nkutulukira pa bowo la khoma la kumapeto. Poyamba munalibe chumuni, moto umayaka pakati pa chipinda utsi nkumatuluka wokha m'denga, ndipo ku Higher Uppacott udzu wa m'kati mwa denga udakali wakuda ndi mwaye wa nthawi imeneyo. Amene anakulira m'khitchini ya udzu akuliona denga limenelo m'maso mwake.

Ku Yorkshire ndi mapiri a Pennines kunafala mtundu wina, laithe house, nyumba ndi khola denga limodzi mzere umodzi koma aliyense khomo lake, pakati khoma lotseka. Umaona kuti anthu ayamba kudzipatula ku ziweto koma sakufuna kuwononga ndalama kumanga makoma ena awiri. Nyumba zambiri zamiyala za alimi kumpoto kuno zinamangidwa kuchokera cha m'ma 1600 kumapeto, alimi atayamba kupezako ndalama ndi chitsimikizo choti malo sawalanda, ndipo amanyadira, pamwamba pa chitseko amasema chaka ndi zilembo zoyamba za mayina a bambo ndi mayi. Nyumba imayang'ana kumwera komwe kumadutsa dzuwa, msana kulozetsa kuphiri ndi kumphepo, ndipo chipinda chosungira mkaka, batala ndi tchizi amachiika kumbuyo kumpoto kosafika dzuwa, chokhala ndi mashelefu amiyala ozizira, imeneyo ndiyo inali firiji.

Mawindo ake ndi aafupi, otambalala, ogawidwa ndi timizati tamiyala. Apa pali zifukwa ziwiri, galasi linali lodula ndipo limapezeka tizidutswa ting'onoting'ono, komanso mwala uli ndi khalidwe lake, ukausenzetsa katundu woupanikiza umapirira zodabwitsa koma ukaugoneka pa mpata wautali ngati lintala umathyoka pakati. Ndiye mpata uliwonse uyenera kukhala waufupi kapena uikidwe mzati pakati, ndipo pomwe pakufunika khomo lalikulu lolowa ngolo amamanga lokhota ngati uta kapena kugoneka chimtengo cha oak. Mukaona windo lotsekedwa ndi miyala anthu amathamangira kunena kuti ndi msonkho wa mawindo, womwe unalipodi kuyambira 1696 mpaka 1851, koma si onse, ena anatsekedwa chifukwa eni ake anasintha zipinda mkati basi. M'chipinda chachikulu moto umakhala pansi pa chumuni chachikulu choti anthu amakhala mkati mwake mowotha, pambali kawindo kakang'ono kowunikira pophika, m'khoma kakabati kosungira mchere ndi zokometsera kuti zisanyowe, m'mwamba malo opachika nyama kuti iume ndi utsi.

Mukapita kumpoto kwambiri kumalire a England ndi Scotland, ku Northumberland, kuli nyumba zomwe mdani wake sanali mvula yokha. M'zaka za m'ma 1500 mpaka kuchiyambi kwa m'ma 1600 dera limenelo linali la mabanja okhalira kuberana ng'ombe, otchedwa reivers, boma la uku ndi uko silimafikako bwinobwino. Alimi anayamba kumanga nyumba zotchedwa bastle, makoma onenepa mita imodzi kapena kuposa, pansi ziweto, pamwamba banja. Khomo la pansi limodzi lokha lopapatiza lotsekedwa ndi mipiringidzo chamkati, wotsekayo amakwera kudzera pa kabowo ka m'denga, khomo la pamwamba amafikako ndi makwerero omwe usiku amawakokera mkati. Zina zili ndi kangalande pamwamba pa chitseko cha pansi kothirirapo madzi akuba akayatsa moto pakhomo. Black Middens m'chigwa cha Tarset ndi imodzi yomwe munthu ungapite kukaona ulere, masitepe amiyala omwe ali panja pake anawonjezera pambuyo pake mtendere utabwera, Mfumu James ya ku Scotland itatenganso ufumu wa England mu 1603 nkuyamba kuthana ndi mabanja aja. Apa ndiye ndinawamvetsa bwino, khola kuseri kwa nyumba silinawakwanire, anachita kugona pamwamba pa ng'ombe zawo.

Ku Lake District anapeza njira ina yogwiritsa ntchito phiri, khola la nsanjika lomangidwa motsamira chitunda. Ukachokera kumtunda ngolo imalowa molunjika m'chipinda cha pamwamba momwe muli mbewu ndi udzu, ukachokera kumunsi umalowa kwa ng'ombe ndi mahatchi, chakudya amangochigwetsera pansi pa bowo. Ku Townend m'mudzi wa Troutbeck kuli lotere la 1666 lomwe likugwirabe ntchito. Pamwambapo, moyang'anizana ndi chitseko chachikulu, pamakhala kachitseko kena kakang'ono, akamapuntha mbewu amatsegula zonse ziwiri kuti mphepo idutse iuluze mankhusu, kupeta komwe ife timachita ndi lichero pabwalo iwo amachitira m'nyumba chifukwa panja sungadalire kuti kukhala kouma. Zinkhokwe zikuluzikulu ngati matchalitchi zili kumwera komwe kumalimidwa tirigu, monga ya Great Coxwell ku Oxfordshire yomwe amonke a Beaulieu Abbey anamanga cha m'ma 1292, yotalika mamita 46, koma zimenezo ndi za eni chuma, ine mtima wanga uli pa timakola ta ng'ombe zinayi tija.

Chomwe chinapha makola a m'minda ndi chomwecho chinawabala, nkhani ya katundu. Thirakitala itabwera kunyamula sikunalinso vuto, udzu anayamba kuumanga m'zimabelo zikuluzikulu zokutidwa ndi pulasitiki yakuda zomwe sizingalowe pa kachitseko koponyera kaja, ng'ombe makumi angapo zimakhala m'chishedi chimodzi chachitsulo pafupi ndi nyumba, ndendende zomwe ndimafunsa poyamba zija. Mlimi watsala ndi makola mwina teni omwe sakumupatsa olo kobiri koma denga lililonse likufuna ndalama. Mu 1989 dera la Swaledale ndi Arkengarthdale analiika pa chitetezo chapadera chifukwa cha makola ndi mipanda yake ndipo pakhala pakubwera thandizo la ndalama zokonzera, koma silingakwane onse. Ena a m'mbali mwa msewu amawasandutsa nyumba zogona kapena zochititsa lendi kwa alendo, mkangano wake ndi wautali, ena akuti achinyamata a m'deralo alibe pokhala ndiye bola khola likhale nyumba, ena akuti ukangoboola mawindo, kukoka magetsi, kuika poimika galimoto ndi kadimba ka maluwa, chomwe chatsala si khola lija ayi. Ine ndimaona kuti a m'mbali mwa msewu asandutsedwe ndithu, munthu apeze pogona, koma a pakati pa munda ukawapangira msewu waononga munda womwe unawapatsa tanthauzo. Kungoti kunena nkosavuta kwa ine wobwera pa basi ndi kamera ya pafoni, amene akulipira wofolera ndi wina.

Abambo okonza mpanda a ku Muker aja anandilozera khola lina kumtunda lomwe linagwa denga nkundifotokozera momwe zimayambira. Chikhomo chimodzi chimawola, mwala umodzi wa padenga nkutsetsereka, madzi ayamba kudonthera pa mtanda ndi pamutu pa khoma, amalowa pakati paja pa timiyala nkumakokolola laimu, chisanu chikabwera amaundana nkukankha mbali ziwiri zija, khoma limayamba kutupa ngati mimba. Nthawi zina akuba amathandizira, miyala yofolera yakale ili ndi msika wabwino ndiye amabwera usiku ndi vani nkusasula mbali yosaonekera kumsewu. Tinakwera kukaliona. Mitanda inali itagwera mkati, lunguzi wa kuno woyabwa uja atamera mpaka m'chiuno pomwe pankakhala udzu, kamtengo katatulukira pa kachitseko koponyera. Koma mbali ya ng'ombe chimwala chogawa malo chija chinali chiimire, ndipo kuseri kwake kunali nkhosa ziwiri za nkhope yakuda zitabisala mphepo, zinangotiyang'ana osasuntha.